Ana aang'ono kunyanja yamchere, praya yosaopsa ndi iti?

MayiWaAwiri_Ulongwe
Moni nonse a pagulu. Ndithandizeni maganizo. Bambo a kunyumba asungako kandalama ka kachewere wa chaka chino nde akuti maferiyasi a Disembala atipititse kunyanja yamchere, ana akaione koyamba. Ana ndi awiri, wamkulu zaka 6 wamng'ono zaka 3, onse sadziwa kusambira, ineyonso madzi ndimadziwa a m'beseni basi. Iwo anaona zithunzi za Tofo, praya ya ku Inhambane, pa Facebook nde mutu wonse uli ku Tofo, koma ine mafunde ndinawaona pa zithunzizo sanandisangalatse. Amene munapitako ndi ana, praya yoti kamwana kasewere iwe mtima uli m'malo ndi iti? Beira, Vilankulo, Tofo kapena kwina? Chonde musandinamize, ndikufuna ndikabwereko ndi ana onse awiri.

Shofera_N7
Tofo?? Mana, auzeni bambowo ayambe awerenga makilomita kaye. Ulongwe kufika Tete ndi oposa 200. Tete kudutsa Changara, Guro, Catandica, kukalowa N6 pa Vanduzi, Chimoio mpaka Beira ndi pafupifupi 600. Ngati mwakhota pa Inchope kutsata N1, Muxúnguè, mlatho wa Save mpaka Vilankulo mwayenda oposa 800 kuchokera mu Tete, Tofo nde muwonjezerenso theka la tsiku. Mwana wa zaka 3 pa mpando wa machimbombo masiku awiri, mukafika mwadana naye.

KachewereBoy
Kkkkk kachewere wa ku Angónia wafika potengera anthu ku Tofo, ife tikulima chani kodi

TitiyaWaKuMacuti
Bwerani kuno ku Beira mwana wanga. Ine kwathu ndi ku Domwe komweko koma kuno ndakhala zaka 14. Praya ili mu tawuni momwemo, shapa imakusiyani pafupi ndi nsanja ya nyali ya Macuti, chipatala chachikulu chili pafupi, msika uli pafupi, malo ogona otchipa osasowa. Ndi ana ang'ono chofunika ndi chimenecho, mwana akatentha thupi usiku usayambe kufunsa kuti chipatala chili makilomita angati.

Mano_Zobwe
Titiya ndikulemekezani koma madzi a ku Beira ndi akuda ngati Revúboè nthawi ya dzinja. Mwana akagwamo ngakhale ofika m'chiuno simumuona pansi.

TitiyaWaKuMacuti
Akuda chifukwa Púnguè ndi Búzi amathira pomwepo, si uve ayi ndi matope a mitsinje. Koma poti simuona pansi mwanena zoona, sindikukana. Ana anga ndinawalera posewera pa mchenga ndi kunyowetsa mapazi basi, kulowa ndithu ayi. Komanso musawalole kukwera makoma aja amalowa m'nyanja otchinga mchenga, ndi oterera ndipo m'mbali mwake madzi amakoka. Lamulungu masana musapite, kumadzaza anyamata a mowa ndi masipika, mabotolo osweka mumchenga ngati anachita kufesa. Pitani pakati pa sabata mmawa.

Mphunzitsi_Furancungo
Ndiloleni ndilembe motalikirapo chifukwa ife a kumtunda kuno chimene chimatipweteka si mafunde kwenikweni, ndi mare, kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Ife tinazolowera mtsinje kapena damu, pamene wawasiya madzi mmawa madzulo uwapeza pomwepo. Nyanja yamchere siitero. Imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 6 ikubwera maola 6 ikubwerera, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi ngati 50. Nde ngati lero yaphwa 9 koloko musaganize kuti mkucha iphwanso 9 koloko. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima weniweni mare amakula, madzi amapita kutali kwambiri n'kubwera ndi liwiro. Mwezi ukakhala theka amachepa. Ku Beira pa mare aakulu kusiyana kwake kumapitirira mamita 5, nyumba yathunthu imeneyo.

Tsono pa funso lanu mayi, ine ndinganene Vilankulo kapena Inhassoro. Kutsogolo kwake kuli zilumba, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, zimene zimaphwanya mphamvu ya mafunde asanafike ku gombe. Madzi ndi oyera mukuona zala zanu pansi, ndipo amazama pang'onopang'ono. Tofo yayang'ana nyanja yaikulu popanda chotchinga chenicheni, nchifukwa chake azungu a matabwa oseweretsa pa mafunde amakonda cha ku Tofinho. Nkwabwino kwa akuluakulu odziwa madzi, osati wa zaka 3.

BamboAJoana_Moatize
A Mphunzitsi anena zoona koma ndiwonjezere, chifukwa Vilankulo yomweyo ine inangotsala pang'ono kundipha ndi mwana. Tinafika usiku, mmawa kudzuka tikuona nyanja yathawa, mchenga wokhawokha mpaka kutali, mabwato atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala. Ine ndi Joana, nthawi imeneyo ali ndi zaka 4, tinayamba kuyenda kutola tizigoba, iye akuthamangitsa tinkhanu tija timalowa m'mauna. Mayi ake anatsala pa mthunzi. Tinayenda mwina mphindi 20 osacheuka. Panali amayi ena akumeneko akukumba nkhono ndi tizitsulo, ndinaona onse anyamula mabeseni pamutu akubwerera mwachangu, mmodzi akundikuwira m'chiXitswa akuloza kumbuyo kwanga, ine ndikungomwetulira ndikuyankha bom dia ngati chitsiru. Potembenuka ndinapeza madzi sanabwere kutsogolo kumene ndimayang'ana, anazungulira kumbuyo kudzera mu kakhwawa kamene tinadutsa kali kouma. Tinali pa kachilumba ka mchenga kakucheperachepera. Ndinamuika mwana pa phewa, iye akuseka akuyesa masewera atandigwira makutu, madzi mu kakhwawako anandifika pa chifuwa ndipo amakoka miyendo ngati munthu wakugwira. Patapata anapita, foni m'thumba inafera pomwepo. Mayi uja anandidikira kutsidya, anandigwira mkono n'kunditukwana bwinobwino, sindinamve mawu ake koma ndinadziwa kuti ndikutukwanidwa ndipo ndinavomera.

Nde inde Vilankulo madzi ndi odekha, koma madzi akaphwa musapite kutali ndi gombe, ndipo mukaona eni dera akubwerera inunso bwererani osafunsa.

MayiWaAwiri_Ulongwe
Mayo ine, thupi lonse lachita tsembwe. Nde mare amenewa munthu amadziwa bwanji nthawi yake?

Mphunzitsi_Furancungo
Lembani pa intaneti tabela de marés ndi dzina la malowo, imabwera ndi maola a tsiku lililonse. Malo ogona ambiri amaimata pa khoma. Koma chophweka funsani msodzi aliyense pa gombe, amenewo amaidziwa pamtima. Safunsa anadya phula.

NaCalomue
Koma abale bwanji mukuvutika ndi ulendo wa masiku awiri nyanja ili pakhomo? Mayi muli ku Ulongwe, dutsani pa Calomue kulowa Dedza, mutsike Khwekhwelere kufika Golomoti, tsiku lomwelo masana ana ali m'madzi ku Senga Bay kapena Cape Maclear. Kulibe mare, madzi si amchere sawawa m'maso, chilankhulo ndi chathu chomwechi, chambo ndi nsima. Kumusi uko mukalankhula ndi ndani?

Mano_Zobwe
Likodzo.

NaCalomue
Aaa inu likodzo lili ndi mankhwala

Namwino_wa_usiku
Lili ndi mankhwala inde, praziquantel, koma musalipeputse. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi opanda mchere, makamaka malo odikha a bango ndi udzu pafupi ndi midzi, ndipo timalowa pa khungu, sikuti mpaka umwe madziwo. Cape Maclear imadziwika nalo kuyambira kale. Mwana amaoneka bwinobwino, patapita masabata kapena miyezi mukuona magazi kumapeto kwa mkodzo. Amene mwapita ku nyanja ya Malawi kapena ya Niassa mbali yathu ya ku Metangula, mukabwerako patapita miyezi iwiri kayezetseni ana. M'madzi amchere likodzo mulibe, pamenepo nyanja yaikulu yapambana.

NaCalomue
Chabwino ndamva. Koma mtengo wa ulendo muwerengenso, ndi mapasapote a ana ngati alipo kale Malawi ndi yotchipa kutalitali

MsodziWaKuSongo
Bola musabwere nawo kuno ku Cahora Bassa kuti akasambe kkkk, kuno ng'ona ndi mvuu ndi amene ali ndi praya. Ngakhale mu Zambezi pansi pa mlatho wa Samora Machel anthu amaona mchenga nthawi ya chilimwe n'kumati tapeza Beira wathu, ng'ona ikungowawerenga.

Gogo_Tsangano
Mwana wanga ukapita kunyanja yamchereko unditengereko madzi ake m'chigubu cha malita 5 ndi kamchenga pang'ono. Ndikubwezera ya chigubu.

KachewereBoy
Agogo mwayamba kkkkk madziwo ndi a chani

Gogo_Tsangano
Iwe ndiwe mwana sungadziwe. Amawaza pakhomo.

Mano_Zobwe
Shofera atiuze, machimbombo ochokera ku Beira katundu wambiri ndi zigubu za madzi a m'nyanja, ena amati atumidwa ndi aneneri ena asing'anga. Tsiku lina chinatayikira pa thumba langa la ufa.

Shofera_N7
Zoona zimenezo, ndipo eni ake salola kuti chikwere pa denga amafuna chikhale pa miyendo. Ine bola ndinyamule makamarawu ouma kusiyana ndi zigubu zimenezo.

MsodziWaKuSongo
Makamarawu ndi chakudya kapena ziwala za m'madzi? Palibe ndiwo yoposa chikowa wathu wa ku Tete, pende wouma wamchere uja ndi nsima ya mgaiwa, a ku gombe amachita kutipempha

TitiyaWaKuMacuti
Amene sanalawe kamarawu wa nkhungudzu ya kokonati asalankhule nawo

Namwino_wa_usiku
Kuwaza pakhomo wazani agogo, koma chonde wina asammwetse mwana madzi amenewo ati kutsuka m'mimba. Mchere wake ndi wambiri, mwana amatsegula n'kuuma thupi.

Admin_Angonia
Abale tabwererani ku funso la mayi. Za chikowa ndi zigubu tsegulani nkhani yake ina.

Namwino_wa_usiku
Ndibwerere ndine. Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi onse amene mukutchula maina a malo. Mwana wa zaka 3 amamira m'madzi ofika m'mawondo, ngakhale mu ndowa pakhomo, nde palibe praya imene dzina lake lokha lingamuteteze. Ndipo kumira sikukhala ngati mu mafilimu kuti akuwa akukupiza manja. Kamwana kamangoti zii, mutu kulowa kutuluka kukamwa kuli m'madzi, osatha kuitana, mphindi imodzi yokha zatha. Anthu amakhala ali pomwepo akujambulana. Choncho mukakhala awiri gawanani, wina ndi wa ana basi, foni m'chikwama, mowa ayi, ali m'madzi momwemo poti akatambasula dzanja amugwira mwanayo. Akatopa anene ndi pakamwa kuti tsopano ndi inu, mnzakeyo avomere. Ngozi zambiri zimachitika pamene bambo akuti ali ndi mayi ake, mayi akuti ali ndi bambo ake. Ndipo wa zaka 6 musamusandutse mlezi wa mng'ono wake, kwathu kuno timatero pakhomo koma kunyanja ayi.

Musadalirenso kuti kukakhala opulumutsa anthu. Mapraya ambiri kwathu kuno alibe, ndipo kumene aliko sakhala tsiku lililonse.

MayiWaAwiri_Ulongwe
Nanga maboya aja opopa, a bakha ndi ovala m'mikono? Ndinawaona mu sitolo ya Mchaina ku Tete ndimati ndigule

NaCalomue
Musagule a bakhawo mayi, pamenepa nde ndikhala mboni ngakhale ndimaikira kumbuyo nyanja ya Malawi. Mwana wa achemwali anga tinamukhazika mu boya wotero madzi ofika m'chiuno mwanga, kamphepo kakuchokera kumtunda. Ndinangotembenuka kuti ndilandire chimanga chootcha kwa mnyamata wogulitsa, pobwerera maso bakha ali patali ngati apo ndi apo akuyandama kulowera kwakuya, mwana ali phee akuyang'ana kumwamba. Anakamutenga ndi mnyamata wa bwato. Chimangacho sindikudziwa kuti chinagwera kuti.

Namwino_wa_usiku
Ndi zoseweretsa zimenezo, zimaphulika, zimavuka, zimagudubuza mwana mutu pansi. Ngati muli ndi ndalama gulani kolete yeniyeni, jekete lija loyandamitsa munthu m'madzi, ya saizi ya mwana, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo kuti isavukire kumutu. Makamaka mukafuna kukwera ngalawa zija za matanga zopita ku Magaruque, funsani makolete a ana musanalipire, akati alibe musakwere.

Mano_Zobwe
Ine ndikuonabe ngati mukuwaopseza mayiwa. Ana a asodzi amakulira m'madzi momwemo opanda kolete opanda tabela, bwanji samira?

TitiyaWaKuMacuti
Ndani wakuuzani kuti samira? Maliro ake timapita ndife kuno. Komanso amene aja anayamba kuwadziwa madzi akukwawa, musawafanizire ndi mwana wa ku Ulongwe amene chachikulu anaonapo ndi chithaphwi cha ku dimba.

Mano_Zobwe
Pepani titiya, ndalankhula mopusa.

Mphunzitsi_Furancungo
Popeza bambowo mtima uli ku Tofo, muwauze za mkokomo wa madzi obwerera. Pa gombe la mafunde, madzi amene aponyedwa kumtunda amafuna njira yobwerera, nde amapanga ngati kamtsinje kolowera m'nyanja. Choipa chake pamalopo pamaoneka podekha, mafunde sakusweka, mtundu wa madzi wasintha pang'ono, nde mlendo amasankha pomwepo kuti apa nde pabwino pa ana. Wodziwa kusambira akagwidwa asalimbane nawo kubwerera molunjika, asambire chammbali motsata gombe mpaka atulukemo. Wosadziwa kusambira alibe chochita, nchifukwa chake ndikuti inu musapitirire madzi a m'mawondo. Ngati afunitsitsa dera la Inhambane, Barra ndi yodekhako kuposa Tofo. Ndipo malo odekha kwenikweni ndi Bilene ku Gaza, chifukwa ndi thamanda lalikulu la Uembje lotchingidwa ndi milu ya mchenga, mwana amayenda mtunda madzi ali m'miyendo. Koma kumeneko nde kufupi ndi Maputo, kwa ife ndi kutali zedi, ndipo Disembala kumadzaza a ku Maputo ndi a ku South Africa ndi timaboti tawo tothamanga.

Shofera_N7
Bilene ayi, kachewere athera mu tikiti

BamboAJoana_Moatize
Palibe watchula za anamondwe. Novembala mpaka Epulo ndi nyengo yake. Idai anaphwasula Beira mu Malichi 2019, Eloise anabweranso Januwale 2021, Freddy anatulukira cha ku Vilankulo komweko mu Febuluwale 2023 asanabwerere kukalowa ku Quelimane. Wina asati Disembala kulibe, Chalane anafika cha ku Beira kumapeto kwa Disembala 2020. Mverani za INAM, a zanyengo aja, pa wailesi sabata yonyamukayo, ndipo musalipiriretu malo ogona masiku onse. Ngakhale namondwe ali kutali nyanja imakhala yolusa.

TitiyaWaKuMacuti
Idai musamutchule, denga langa linakapezeka ku bairo ina. Koma kunena chilungamo Disembala koyambirira nthawi zambiri kumakhala bwino, vuto ndi dzuwa. Ana a ku Angónia anazolowera kozizira, mchenga wa 11 koloko umawotcha mapazi mpaka matuza. Pitani 6 koloko mmawa, 10 koloko bwererani, mubwerenso 3 koloko madzulo. Zipewa, madzi akumwa ambiri, kapulana yomanga pa timitengo ikhale mthunzi, ndi tinsapato ta pulasitiki tolowa nato m'madzi chifukwa pa miyala pamakhala tinthu taminga takuda tija, minga yake ikathyokera m'phazi maferiyasi atha. Neti ya udzudzu nyamulani yanu, za m'malo ogona zimakhala zobooka ndipo malungo a kugombe si ocheza.

KachewereBoy
Nanga zija zimawotcha zokhala ngati pulasitiki wabuluu? Ndinamva kuti mankhwala ake ndi kukodzerapo kkkk

Namwino_wa_usiku
Bodza limenelo, musamukodzere mwana wa eni. Zimabwera ndi mphepo yochokera m'nyanja, zimaoneka ngati kabaluni kabuluu kokhala ndi ulusi wautali, ana amathamangira kutola. Ngakhale yakufa pa mchenga imawotchabe. Ikamukhudza musatikite, tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo osati a m'botolo, chotsani ulusiwo osagwira ndi manja, kenako viikani malowo m'madzi otentha amene dzanja lanu likupirira kwa mphindi 20. Akayamba kubanika kapena kutupa nkhope thamangirani ku chipatala. Mukafika mmawa n'kuona zambiri zili mbwee pa mchenga tsiku limenelo ana asalowe.

Gogo_Tsangano
Zonsezi mukanakhala pakhomo ana akadya mango. Koma chigubu chija usaiwale.

MayiWaAwiri_Ulongwe
Zikomo nonse, ndawawerengera bambo usiku ndemanga zonse, ya a BamboAJoana ndinachita kubwereza kawiri. Poyamba amati anthu a pa intaneti ndi amantha, koma atamva makilomita a Shofera anayamba kuwerengera pa zala n'kukhala chete. Tagwirizana kuti Tofo idikire ana akule. Tigona ku Chimoio kwa alamu anga, mawa lake tipitirire. Ine ndikufuna Inhassoro poti akuti ndi kwa phee, iwo akuti Vilankulo poti ndi tawuni yokulirapo, pamenepo sitinamalize. Ndayang'ana kalendala ya ku tchalitchi ija imaonetsa mwezi, ndasankha sabata imene uli theka. Bakha sindigula. Kolete ya mwana wa zaka 3 ku Tete ingapezeke kapena ndikafufuze ku Chimoio?

BamboAJoana_Moatize
Ya Joana ilipo yangokhala, inamuchepera kalekale, ndinagula titabwerako ku ulendo uja ndi manyazi. Lamba wake ndi wabwinobwino. Mukamadutsa pa Moatize mundilembere ku inbox ndikupatsirani pa siteji, mukabweza pobwerera.

Shofera_N7
Pochokera kumpoto mphambano ya Inhassoro ndi imene mumayamba kufika, ya Vilankulo ili kutsogolo pa Pambarra nde mulowenso makilomita ngati 20. Mukakangane bwino musanawoloke Save. Ku Chimoio nyamukani kusanache, msewu wa Inchope kukafika Save uli ndi maenje ndipo simukufuna kuti mdima ukupezeni pamenepo ndi ana. Wamng'onoyo musamudyetse mazira owiritsa a pa Muxúnguè ngati mukufuna mtendere ndi okhala nawo pampando.

Gogo_Tsangano
Cha malita 5 chikalemera ngakhale cha 2 ndilandira.